Zotsatira za mtengo wa walnut uja umene unagwa

Masabata angapo apitawo ndinafunsa ngati kunali koyenera kuchekesa matabwa kuchokera ku mtengo wa walnut umene unagwa ndi mphepo kuseri kwa nyumba, kapena kungouwaza nkhuni. Ambiri munandilangiza kuti ndiyambe ndayang'ana mtima wa thunthulo, ndipo ndinatero.

Titadula kumunsi, tinapeza kuti thunthulo ndi lokwana masentimita 55 m'mimba mwake, ndipo mtima wake woderapo unali wolimba, wopanda mphako ngakhale kufumbwa. Mbali yoyera ya kunja, imene imawola msanga, inali yopyapyala. Chimene chinandidetsa nkhawa chinali misomali iwiri yakale imene mtengowo unaimeza pokula. Tinaizindikira chifukwa cha mawanga akuda amene chitsulo chimasiya m'mtengo, ndipo wochekayo anaizula asanayambe ntchito, popeza msomali umodzi wokha ukhoza kuthyola mano a macheka.

Tapeza matabwa 9 okhuthala masentimita 5. Nthambi ndinazisiya, chifukwa matabwa ake amapindika akamauma. Kumapeto kwa thabwa lililonse ndapakako phula kuti lisang'ambike, ndipo ndawasanja pamthunzi ndi timitengo pakati pake kuti mpweya uzidutsa. Pa makulidwe amenewa ndiyenera kudikira pafupifupi zaka ziwiri ndisanakhome tebulo.