Ana 120, mphunzitsi mmodzi: mwana aliyense tingamudziwe bwanji payekha?

Membala wa komiti ya sukulu:
Akuluakulu a pagulu pano, makamaka aphunzitsi ndi azaumoyo, ndigawireni nzeru. Pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Blantyre, sitandade 3 ili ndi ana 120 m'chipinda chimodzi, mphunzitsi mmodzi. Ena akuwerenga ndime yonse bwinobwino, ena sasiyanitsa b ndi d, ena amangokhala phee kumbuyo mpaka kubwereza kalasi. Komiti ndi PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) tikufuna kuthandiza, koma ndalama yomangira chipinda china palibe. Tingatani kuti mwana asamangokhala nambala ya m'rejisitala? Ndikufuna njira zoti tingaziyambe Lolemba likubwerali.

Mphunzitsi wa makalasi aang'ono, Ndirande:
Bambo, kuthithikanaku kunakula mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi, inu muli nawo kawiri. Komabe poyambira palipo: dziwani kaye pomwe mwana aliyense wafika pa kuwerenga.

Tengani katoni. Pamwamba lembani malembo 10 osakaniza, pansi pake maphatikizo 10 monga ka, mbe, tsi, ndwa, kenako mawu 10, pomaliza ziganizo zitatu zazifupi. Mwana azibwera yekha pakhonde anzake akulemba ntchito, asayesedwe pamaso pa gulu. Muyambitseni pa mawu. Akakhoza 8 mwa 10, apite ku ziganizo. Akalephera, abwerere ku maphatikizo, akalepheranso, ku malembo. Mphindi ziwiri zimakwana. Ana 10 patsiku, pa masiku 12 a sukulu kalasi yonse yatha. M'kope lembani dzina, zaka ndi pomwe waima. Malikisi ayi.

Kuyesa mmodzimmodzi n'kofunika chifukwa kuwerenga mokuwa kalasi yonse pamodzi kumabisa ana ambiri. Mwana amangotsatira pakamwa pa anzake, ndime n'kuiloweza pamtima, mphunzitsi n'kumati zikuyenda. Mukamuloza liwu limodzi pakati pa tsamba m'pamene mumazindikira kuti sakuwerenga.

Mukatero agaweni m'magulu atatu. Pa phunziro la Chichewa mphunzitsi akhale mphindi 15 ndi gulu la malembo, enawo akupanga mawu ndi timakadi ta maphatikizo kapena kuwerengerana awiriawiri. Timakadi ndi TALULAR wamba, kutanthauza zipangizo zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka m'dera: makatoni, zitsekerero za mabotolo, makala. Pakatha milungu inayi muwayesenso, koma ndi katoni ina, chifukwa yoyamba ija amakhala ataiuzana kale.

Mphunzitsi wamkulu, Chilomoni:
Njirayi ndi yabwino, koma ndichenjeze pa magulupo. Mukangowatcha A, B, C, tsiku lomwelo ana adziwa kuti C ndi "ambuli", ndipo dzinalo limamukakamira mwana mpaka kunyumba. Atcheni Michiru, Soche, Mpingwe. Gulu lotsalira likhale kutsogolo pafupi ndi bolodi, ndipo mwana akakwera asamuke sabata yomweyo. Gulu lomwe silisintha teremu yonse ndi chilango.

Ana okhoza akhoza kuthandiza anzawo, koma azisinthana, ndipo asapatsidwe kamtengo m'manja. Amene mwamuika kuti aphunzitse mnzake akasanduka kapitawo, wotsalira uja amasiyiratu kufunsa. A komiti, inu gawo lanu ndi ili: mapepala olimba, zolembera ndi makope muziike mu pulani ya sukulu kuti zigulidwe ndi ndalama za SIG (zomwe boma limapereka zotukulira sukulu), zisamachoke m'thumba la mphunzitsi.

Namwino, Zingwangwa:
Amene amakhala phee kumbuyowo musathamangire kuwatcha aulesi. Yambani ndi maso ndi makutu.

Maso: pemphani azaumoyo a kuchipatala chaching'ono cha dera lanu abwere ndi tchati cha chilembo E. Mwana aime mamita 6 kuchokera patchati, pamalo owala, aphimbe diso limodzi ndi chikhatho osalikanikiza, aziloza komwe miyendo ya E yayang'ana. Sizilira kudziwa kuwerenga. Wolephera mzere wolembedwa 6/12 patchatipo atumizidwe kuchipatala. Mphunzitsi angathenso kuona yekha: kutsinzinira poyang'ana bolodi, kuyandikitsa buku kumaso, kukopera kwa mnzake nthawi zonse m'malo mwa pabolodi.

Makutu: imani kumbuyo kwake kutalika kwa mkono, atseke khutu limodzi ndi chala, mutulutse mpweya kaye kenako munong'one manambala atatu kuti abwereze. Khutu lililonse kawiri, pamalo opanda phokoso. Chimodzi mwa zomwe zimagonthetsa ana ambiri ndi khutu lotuluka mafinya lomwe lasiyidwa miyezi. Makolo auzidwe kuti asathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba, asatokosemo ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga. Ayambire kuchipatala chaching'ono ndi buku la kuchipatala la mwanayo. Pakafunika adzawatumiza ku Gulupu, komwe kuli chipatala cha maso cha Lions komanso kiliniki yoyeza makutu.

Kalinso kena komwe kamaphonyedwa kwambiri. Mwana amene amangoti duu masekondi ochepa, maso ali gwa, osayankha, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, kangapo patsiku, akhoza kukhala ndi mtundu wina wa khunyu. Mankhwala alipo. Wogwa n'kumaphupha mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo anzake auzidwe kuti khunyu sapatsirana. Zikapitirira mphindi 5 thamangirani kuchipatala. Wogona m'kalasi, m'zikhatho muli mbuu, akayezetse magazi. Wokodza magazi akayezetse likodzo.

Mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera:
Zikomo anamwino. Ndiwonjeze kuti mphunzitsi wa kalasi asapereke yekha dzina la vuto. Kusokoneza b ndi d n'kofala kwa amene akuyamba kumene. Zikapitirira mwana ataphunzitsidwa payekha teremu yathunthu, maso ndi makutu zili bwino, lembani zomwe mwaona ndi masiku ake, ahedi apite nazo kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, ku TDC, likulu la aphunzitsi m'zoni yanu. Iwo ndi amene amalumikiza sukulu ndi aphunzitsi ophunzitsidwa ntchitoyi, ambiri mwa iwo anadzera ku koleji ya Montfort ku Nguludi.

Mwana wachialubino akhale kutsogolo koma kutali ndi kuwala kwa pawindo, aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a mikono yaitali, ndipo notsi azipatsidwa za zilembo zikuluzikulu. Wosamva bwino aziona nkhope ya mphunzitsi, choncho osalankhula mutatembenukira kubolodi. Wamanzere musamukakamize dzanja lamanja, mungomukhazika kumapeto a benchi kumanzere. Zolembazi zisungidwe, chifukwa pofika sitandade 8 MANEB iyenera kudziwitsidwa pa nthawi yolembetsa kuti mwana akufunika mayeso a zilembo zikuluzikulu kapena a Braille.

Mayi wa Mother Group, Bangwe:
Rejisitala imalankhula ikamawerengedwa. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, amayi awiri apite kunyumba kwake, osadikira kutha kwa mwezi. Yang'ananinso masiku ake: wojomba tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse nthawi zambiri amatumidwa malonda kapena kulera mng'ono wake. Pofika pakhomo musayambe ndi kukalipa, funsani kuti amakhala ndi ndani, wadya chiyani m'mawa, yunifomu ndi kope ali nazo. Komwe kuli phala la Mary's Meals, onetsetsani kuti aang'ono ndi amanyazi alandira, chifukwa pamzere amakankhidwa. Atsikana amene zaka zapitirira kalasi yawo alankhulidwe padera ndi amayi, ena amakhala atayamba kusamba ndipo amajomba posowa nsalu.

Membala wa komiti ya sukulu:
Zikomo nonse. Koma aphunzitsi akakhala pakhonde ndi mwana mmodzi, 119 otsalawo atsala ndi yani?

Mphunzitsi wamkulu, Chilomoni:
Ndi mphindi 20 zokha patsiku, bambo. Ahedi asinthe ndandanda kuti mphunzitsi amene alibe phunziro nthawi imeneyo alowe m'kalasimo. Zikavuta, kholo la mu PTA likhale m'kalasi ana akulemba, chitseko chili chotsegula. Koma kuyesako achite mphunzitsi wa kalasi yekha, ndipo kope lija lizitsekeredwa mu ofesi. Zotsatira za mwana auzidwe makolo ake okha, osaziwerenga pamsonkhano wa PTA.