Mayankho a ku makoleji aja afika

Paja ndinafunsa kuti mayankho akamachedwa chonchi ndiye kuti andikana kapena bwanji, abale afika tsopano. Kumodzi andikanadi, kalata yake mizere itatu basi, ndinangoti kakasi foni ili m'manja. Kwina andiika pa waiting list, ndiye kuti sananditaye koma ndidikire ena amene atengedwa akane malo, ndawalembera kale kuti malowo ndikuwafunabe. Kwachitatu anditenga koma mpaka ndikhoze mayeso omaliza ndi magiredi amene atchula, apa ndiye kuwerenga kwake sikogona ayi. Imelo yakeyo inakhala mu spam masiku anayi ine osadziwa, inu mukudikiranu muzisuzumirako, chifukatu tsiku lomaliza kuvomera malo amalemba momwemo ndipo likangodutsa akhoza kupatsa wina.