Mfuti yaifupi yodzitetezera pakhomo: ndisankhe yotani?

Wamalonda wa ku Luchenza

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene nkhani ya mfuti mukuidziwa bwino. Ndili ndi golosale ndi chigayo kufupi ndi Luchenza, m'boma la Thyolo, ndipo nyumba yogona ndinaimanga kuseri kwa golosaleyo, moti khoma la chipinda cha ana ndi lomwelo la sitolo. Chiyambire nyengo yokolola, anthu a zikwanje akhala akuthyola masitolo m'dera lathu usiku, ndipo kwa mnzanga wina anamanga mlonda manja ndi miyendo n'kutenga ndalama zonse za tsikulo. Popeza chigayo chimatseka mdima utagwa kale, ndalama zimagona pakhomo, ndipo anthu amadziwa zimenezi.

Ndaganiza zopempha chilolezo chokhala ndi mfuti. M'makanema a pa YouTube ambiri akuyamikira mfuti yaifupi imene akuitcha carbine, ya mpope wa masentimita pafupifupi 41, ponena kuti munthu amatembenuka nayo mosavuta m'nyumba, komanso amalasa nayo molunjika kuposa pisitolo chifukwa imatsamira paphewa. Ena akuti yabwino ndi ya zipolopolo za 5.56, ena akuti ya 9mm, pomwe ena akuti ngakhale ya .22 ndi yokwanira (manambalawa amasonyeza kukula kwa chipolopolo). Ine sindikufuna yosakira nyama, chifukwa wakuba akalowa adzakhala pa mtunda wa mamita 5 kapena 10 basi. Kodi mwa zimenezi ndisankhe iti?

Mkulu wa alonda wopuma ntchito, Thyolo

Achimwene, pepani ndi mantha amene mukugona nawo. Ine ndinayang'anirapo alonda pa esiteti ina ya tiyi, ndipo mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu ndi akuti chipinda cha ana chili khoma limodzi ndi sitolo. Musanafunse kuti mfuti yabwino ndi iti, dzifunseni kuti chipolopolo chikaphonya chidzagwera kuti, chifukwa usiku, munthu atadzidzimuka kutulo ndipo manja akunjenjemera, kuphonya ndiko kumachuluka ngakhale kwa amene anaphunzitsidwa.

Chipolopolo cha 5.56 ndi chopepuka, cholemera pafupifupi magalamu 4, koma chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi imodzi. Chinapangidwira asilikali olasana pa mtunda wa mamita mazana angapo, ndipo chikapanda kugunda kanthu chimatha kuuluka makilomita oposa 2. Cha 9mm ndi cholemera kawiri kuposa pamenepo ndipo liwiro lake ndi locheperapo, koma nacho chimaboola chitseko chathabwa, zenera ndi malata mosavuta. Ngakhale ka .22, kamene anthu amakaderera kuti ndi kophera mbalame ndi akalulu, kamatha kupweteka munthu pa mtunda woposa kilomita imodzi, ndipo opanga ake amalemba chenjezo limeneli pa kabokosi. Tsono taganizirani mmene Thyolo alili. Kuno nyumba n'zothinana kuposa m'maboma ambiri m'dziko muno, mipanda yathu ndi yaudzu ndi yansungwi, ndipo kuseri kwa mpanda uliwonse kuli banja limene lagona. Khoma la njerwa zootcha limagwira zipolopolo zina, koma musaike moyo wa mwana wanu pa chikhulupiriro chakuti mudzalasa khoma osati chitseko.

Chachiwiri chimene makanemawo satchula kawirikawiri ndi phokoso. Mpope ukafupika, wonga wina umakapsera kunja, choncho kuphulika kumakula ndipo kumatuluka moto wothobwa m'maso. Mfuti zambiri zimalira kupitirira madesibelo 140 (desibelo ndi muyeso wa phokoso), mlingo umene umatha kuwononga makutu nthawi imodzi yokha. M'chipinda chofolera ndi malata chopanda siling'i, mukawombera kamodzi simudzamvanso mkazi wanu akukuitanani, ndiponso simudzamva ngati wakubayo wathawa kapena akadali pakhonde.

N'chifukwa chake m'malo ambiri olondera kuno mumaona chifefe cha 12 bore (nambalayi imasonyeza kukula kwa mpope wake) osati mfuti ya mtundu umene mukufunsawo. Chifefe chimaponya timipira tambiri nthawi imodzi, monga katiriji (kachibotolo ka wonga ndi timipira) ya mtundu wa SG imene imakhala ndi timipira 9, ndipo mphamvu yake imatha msanga, pa mamita mazana ochepa. Musanamizidwe kuti chifefe sichifuna kulunjika: pa mamita 5 timipirato timakhala tisanamwazikane kuposa chikhatho cha dzanja, ndipo nato timaboola chitseko. Chimakankhanso kwambiri paphewa, moti munthu wosazolowera amatsinzina asanawombere. Komabe ubwino wake ndi wakuti n'chosavuta kuchimvetsa ndi kuchisamala, ndipo timipira take sitifika patali ngati zipolopolo za mfuti zinazo. Mukandifunsa ine, mwa zonse mwatchulazo ya 5.56 ichotseni m'maganizo, ndipo ngati mfuti ikufunikadi, yambani kufunsa za chifefe.

Mlembi wa za malamulo, Blantyre

Bambo, ndikugwirizana ndi akulu ayankhawa, koma ndiwonjezere mbali ya malamulo, chifukwa makanema amene mukuonerawo ambiri ndi a ku America, kumene ufulu wokhala ndi mfuti unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo kuyambira mu 1791. Ngakhale mpope wa masentimita 41 umene mwatchulawo unachokera ku lamulo lawo: ndi mainchesi 16, malire amene mfuti yaifupi kuposa pamenepo imafuna kulembetsa kwapadera. Sikuti wina anayeza nyumba n'kupeza kuti utali umenewo ndiwo woyenera.

Kuno ku Malawi kukhala ndi mfuti si ufulu wobadwa nawo koma chilolezo chimene boma limapereka kapena kukana, motsatira lamulo la Firearms Act. Mumayamba kupempha kudzera kupolisi musanagule kanthu, amakufufuzani mbiri yanu ndi chifukwa chimene mukuifunira, ndipo chilolezo chikatuluka chimakhala cha mfuti imodzi yodziwika ndi nambala yake, chimenenso mumayenera kuchikonzanso chaka ndi chaka. Choncho mtundu wa mfuti simusankha nokha ngati mmene mumasankhira njinga. Mfuti zankhondo zolira mosalekeza munthu wamba saloledwa, ndipo ngakhale imene imangofanana nazo m'maonekedwe idzakubweretserani mafunso ambiri. Pitani kupolisi ya m'dera lanu mukafunse kuti munthu wamalonda ngati inu angaloledwe yotani, kenako musankhe mwa zimenezo. Musayesenso kugula yaitali n'cholinga chokaidulitsa mpope kwa owotcherera zitsulo, chifukwa pamenepo mwasintha mfuti imene inalembetsedwa, ndipo mudzayankha mlandu.

Chachikulu kwambiri n'chakuti chilolezo chokhala ndi mfuti si chilolezo chophera munthu. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza moyo wa munthu aliyense, wakuba yemwe. Lamulo limalola kudziteteza, koma khoti limayang'ana ngati mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yolingana ndi choopsa chimene munali nacho pa nthawiyo. Munthu amene akukuthamangirani ndi chikwanje m'chipinda mwanu ndi wosiyana ndi amene akudumpha mpanda atasenza thumba la shuga. Woyambayo khoti likhoza kukumvetsani, koma wachiwiriyo mukamulasa kumsana, mudzaimbidwa mlandu wakupha, ndipo golosale ija idzatsekedwa inu muli pa rimandi.

Mayi wa ku Chitakale

Pepani abambo, ndilowererepo ngakhale za mitundu ya mfuti sindizitsata. Nonse mukukamba za usiku umodzi umene wakuba angabwere, koma mfutiyo idzakhala m'nyumbamo masiku onse a chaka, pamene ana akusewera okha, pamene mwalandira alendo a ku mudzi, pamenenso bambo ndi mayi asemphana mawu. Mwana wa zaka 10 amadziwa malo onse obisa zinthu m'nyumba ya makolo ake, ndipo pamwamba pa wadirobu kapena pansi pa matiresi ndi poyamba kufufuza. Mukaitsekera m'bokosi lachitsulo, zipolopolo n'kuziika kwina monga mmene ziyenera kukhalira, kodi mudzaipeza nthawi yoitsegula anthu atathyola kale chitseko? Mukaisiya pambali pa bedi ili ndi zipolopolo, kodi mudzagona mtima uli m'malo? Funso limeneli mulikambirane ndi mayi a kunyumba musanapite kupolisi, chifukwa iwo ndi amene amatsala ndi ana masana inu muli kuchigayo.

Dziwaninso kuti anthu akangomva kuti pakhomo pakuti pali mfuti, ena amabwera kudzafuna mfutiyo osati ndalama.

Mlimi wa ku Muloza

Achimwene, chenjezo langa ndi limodzi, pakuti ine ndimakhala m'malire. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma inasiya mfuti zambiri m'manja mwa anthu, ndipo nkhani yanu ikamveka simudzasowa munthu wokunong'onezani kuti akhoza kukupezerani AK-47 pa mtengo wozizira, popanda kudikira zikalata. Mumukane pomwepo. Simungadziwe kuti mfuti yoteroyo inapha kale ndani, ndipo tsiku limene idzapezeke m'nyumba mwanu milandu yake yonse idzakhala yanu, kuwonjezera pa mlandu wosunga mfuti popanda chilolezo. Chipolopolo chake cha 7.62 ndichonso choipitsitsa pa nkhani ya kuboola imene akulu aja afotokoza.

Ngati mudzapeze yololedwa, kumbukirani nyengo ya kuno. Mulanje ndi Thyolo ndi kwa mvula ndi chiperoni, ndipo chitsulo chimene chatsekeredwa m'bokosi osachipukuta ndi mafuta chimachita dzimbiri m'kati mwa mpope mwini wake osadziwa. Makatiriji nawo akalowa chinyezi amakana kulira. Mfuti ya pakhomo imafuna kuitulutsa kawirikawiri, kuonetsetsa kuti m'kati mwake mulibe chipolopolo, kuipukuta ndi kuibwezera.

Wamalonda wa ku Luchenza

Zikomo nonse chifukwa cha mayankho ogwira mtima. Za 5.56 ndazisiya, ndipo za m'malirezo sindingaziyandikire. Mayi a ku Chitakale, mawu anu ndawawerengera mayi a kunyumba, ndipo ati mwawalankhulira. Komabe ndibwerere kwa akulu a ku Thyolo: phewa langa lamanja linavulala kale pa ngozi ya njinga yamoto, ndipo ndikukayika ngati ndingapirire kukankha kwa chifefe. Kodi pamenepa ya .22, monga Ruger 10/22 imene ndaiona m'makanema, singakhale yabwino, popeza akuti siikankha ndipo ndi yopepuka?

Mkulu wa alonda wopuma ntchito, Thyolo

Achimwene, n'zoona kuti ya .22 siikankha, ndi yopepuka, ndipo ndi imene anthu ambiri amaphunzirira kulasa. Ruger 10/22 yakhala ikupangidwa kuyambira mu 1964 ndipo ili ndi mbiri yabwino. Vuto lake pa cholinga chanu ndi lakuti chipolopolo chake, cholemera magalamu osakwana 3, chimatha kupha koma sichiimitsa munthu nthawi yomweyo. Wachifwamba akhoza kulasidwa n'kukufikanibe ndi chikwanje, kenako n'kukafera kuchipatala mawa lake, inu mutavulala ndipo mlandu wa imfa uli pamutu panu. Makatiriji akenso amakana kulira kawirikawiri kuyerekeza ndi a mfuti zazikulu, makamaka akakhalitsa m'chinyezi. Ngati phewa ndilo vuto, pali chifefe cha 20 bore chimene chimakankha pang'ono kuposa cha 12, ngakhale muyenera kufunsa kaye kwa ogulitsa ovomerezeka ngati makatiriji ake amapezeka mosavuta, chifukwa mfuti imene simungaipezere makatiriji ophunzirira simudzaizolowera. Musagule iliyonse musanaiike paphewa lanulo ndi kuwombera nayo pamalo ololedwa, pamaso pa munthu woidziwa.

Ndinenenso zimene ndinaona pa ntchito yanga. Akuba amene tinkawabweza ambiri sanabwezedwe ndi mfuti koma ndi galu amene wauwa msanga, nyale yowala panja ndi wenzulo imene yadzutsa anzathu. Ndalama zimene mungagulire mfuti, bokosi lake lachitsulo ndi kulipirira chilolezo chaka chilichonse zikhoza kukugulirani chitseko chachitsulo pakati pa sitolo ndi nyumba, mabagalabazi olimba, ndi magetsi a sola oyaka okha munthu akadutsa. Ndalama za chigayo muziziika pa Mpamba kapena pa Airtel Money dzuwa lisanalowe, ndipo muchite zimenezi poyera kuti antchito anu ndi makasitomala azidziwa kuti pakhomo sipagona kanthu, pakuti nthawi zambiri wakuba amabwera atauzidwa ndi munthu wodziwa za m'kati. Lowaninso m'gulu la chitetezo cha m'mudzi pamodzi ndi amalonda anzanu, mupatsane manambala a foni ndi apolisi a pafupi.

Zonsezi mukhoza kuziyamba sabata ino pamene pempho lanu likuyenda kupolisi, chifukwa chilolezo sichituluka tsiku limodzi. Koma choyamba kwenikweni, asamutseni anawo m'chipinda chogundana ndi sitolo, agone cha kumapeto kwa nyumba, ndipo chipinda chimenecho muikemo matumba a chimanga.