Bambo anga ataya mtima, ndiwalimbikitse bwanji?

Wachisamba: Abale ndithandizeni, bambo anga anawapeza ndi matenda a mtima, miyendo ikutupa, akungogona osalankhula ati nthawi yawo yakwana basi.

Mayi awiri: Pepani achimwene. Amayi anga zinalinso chonchi, ife tinasiya kuwayang'ana ndi nkhope zamaliro, madzulo tinkakhala nawo pakhonde kumvera wailesi adzukulu akuwasokosa, pang'onopang'ono anayambanso kudya ndi kuseka. Mchere tinachepetsa nyumba yonse kuti asaone ngati tikuwasala.

Malume wa ku Ndirande: Chikondi inde, koma kuseka kokha sikuchotsa madzi m'thupi. Ngati anawapatsa Lasix, mankhwala okodzetsa aja, azimwa m'mawa, madzulo ayi, angachezere kutoileti. Akamabanika pogona aikireni mapilo awiri, zikanyanya thamangirani kuchipatala.

Wachisamba: Zamapilo ndiyesa lero. Koma zamchere ndiye nkhondo amalume, amabisa wawo m'thumba la jekete.