Ma environment a conda akugawana bwanji mafayilo?

Funso: Akuluakulu, ndithandizeni. Ma environment atatu a conda (pulogalamu yoikira ma package, iliyonse ntchito ndi malo akeake otchedwa environment), onse ali ndi package ya numpy yofanana, kodi amadya malo katatu pa disiki? Nanga pip, yoikira ma package a Python, imachitanso chimodzimodzi?

Yankho 1: Ayi. conda imamasula package kamodzi mu foda ya pkgs, kenako mu environment iliyonse imaika hard link, dzina lina loloza deta yomweyo. Onani ndi `ls -li`: nambala ya inode (nambala yozindikiritsa fayilo pa disiki) ikafanana, fayilo ndi imodzi. Koma poyeza malo ndi `du`, ikani mafoda onse mu lamulo limodzi. Mukayeza payokhapayokha, mafayilo omwewo awerengedwa mobwereza.

Yankho 2: Ndiwonjezepo apa, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Hard link sidutsa kupita ku filesystem ina. pkgs ikakhala pa disiki ina, ma environment pa ina, conda imangokopera zonse, malo n'kutha. Konzani `pkgs_dirs` mu `.condarc`, fayilo ya ma setting a conda, kuti pkgs ndi ma environment zikhale pa disiki imodzi. Chinanso, musasinthe fayilo ya mu site-packages (foda ya ma package a Python mu environment) pamanja. Editor ikalemba pa inode yomweyo, mwasintha m'ma environment onse ndi mu cache (foda ya pkgs ija) momwe.

Yankho 3: Za pip, ija imasunga zotsitsa ku `~/.cache/pip` pa Linux. Zimapulumutsa intaneti basi, osati disiki, poti venv (environment ya Python) iliyonse imalandira mafayilo akeake. Ngati malo ndiye vuto lanu, yesani uv, pulogalamu ina yoikira ma package a Python, imalumikiza mafayilo kuchokera mu cache yake.