Za nkhuku zija ndinafunsa

Abale anga, paja ndinafunsa ngati banja longoyamba kuweta kuseri kwa nyumba liyambe ndi nkhuku zachikuda kapena za Mikolongwe. Ambiri munati zachikuda, poti n'zopirira ndipo zimafungatira zokha mazira. Tinakumverani. Tinagula misoti ndi tambala, khola tinamanga lam'mwamba kuopa agalu ndi chinyezi.

Langizo limene latipulumutsa ndi la katemera wa chitopa. Mlangizi wa ziweto anabwera ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndipo anati tizibwereza pakatha miyezi 4. Chitopa chitalowa kuno nthawi yotentha, m'makola ena nkhuku zinatha psiti, zathu zilipo. Chonde musazengereze, katemerayu ndi wotchipa.

Thadzi lina lakhalira mazira masiku 21, laswa. M'mawa uliwonse mwana wathu wamkazi amagwada pafupi ndi dengu limene timavundikira anapiye kuopa akabawi, n'kumawaza gaga wosakaniza ndi usipa wosinja, tianapiye tikumujompha zala.

Chatsala ndi utitiri. Tathira phulusa m'zisa koma ukungobwerera. Inu amene munauthetsa, munatani?