A Thaulo akubweranso kumudzi

Achimwene Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya pa 15 Okutobala ija tiimalize lero, masiku atha. Tinagwirizana kuti Tsiku la Anakubala chaka chino tonse tikakhale ndi mayi kumudzi, osati kungotumiza ndalama pa Mpamba ngati chaka chatha. Chinanso, ine ndikubwera ndi mlendo.

Achemwali a ku Matawale: Taswera achimwene. Mlendo wake uti?

Achimwene Aakulu: Mnzanga wa ku Nkhata Bay uja tinali naye ku Chanco. Wapuma pa ntchito, ndiye akuti asanapite kukakhazikika kwawo akufuna adzaone mayi.

Achemwali a ku Matawale: Iii! Wa thaulo uja??

Mzime ku Lilongwe: Kkkkkk a Thaulo akubwera! Basi ine tchuthi ndikapempha mawa lomwe.

Mphwawo wa ku Limbe: Amalume, a Thaulo ndiye ndani? Ife ana nkhaniyi sitikuidziwa.

Achemwali a ku Matawale: Iwe unali usanabadwe. Dikira ndikhale pansi kaye. Munali mu 1995, chakumapeto, dzuwa likuswa mtengo. Amalume akowa anabwera ndi mnzawo wa kusukulu. Mnyamata waulemu kwambiri, anagwada polonjera mayi mpaka mayi anachita manyazi. Koma pakamwa pake panali nyanja yokhayokha. Akuti kwawo mwana amayamba kusambira asanayambe kuyenda. Atamva kuti kwathu ndi kufupi ndi Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, anati mawa lake asambira mpaka kukafika pa chilumba cha Chisi.

Achimwene Aakulu: Apa ndikonze pang'ono. Ine ndinamuuza tili m'basi kuti nyanja yaphwa. Iye anaseka, amvekere nyanja siiphwa, chimene chimaphwa ndi chithaphwi. Munthu wokulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi ungamuuze bwanji kuti nyanja imatha?

Achemwali a ku Matawale: Ndiye m'mawa kutacha, munthu uja wavala kabudula, thaulo lobiriwira paphewa, sopo m'manja. Mayi anati tiyeni ndikuperekezeni, nanenso ndikukaona anthu ku Kachulu. Tonse tinalondola, ndi ana a m'mudzi omwe. Tayenda, tadutsa padoko, mabwato ali gonegone pamtunda. Tayendabe. Pansi dothi long'ambikang'ambika, fumbi lokhalokha. Anthu akutidutsa pa njinga kuchokera ku Chisi atanyamula nkhuni. Mlendo uja thukuta kamukamu, kenako anaima n'kufunsa mwaulemu, "Amama, nanga nyanja tifika nthawi yanji?" Mayi osaseka n'komwe, amvekere, "Mwanawe, nyanjatu mwaiponda kalekale. Pamene mwaimapo m'pakati."

Mzime ku Lilongwe: Kkkkkk ine ndinali ndi zaka 9 koma nkhope ija ndikuiona mpaka lero. Anayang'ana kumapazi, n'kuyang'ana thaulo, n'kuyang'ananso kumapazi.

Mlamu wa ku Ndirande: Ayi alamu, mwandiseketsa mu minibasi anthu mpaka akundiyang'ana. Koma nyanja yonse ija kuuma gwaa? Zimatheka bwanji?

Achimwene Aakulu: Zimatheka alamu. Chilwa ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi ngati mmene Shire amachitira ku nyanja ya Malawi. Imangodalira mvula ndi mitsinje yothiramo, monga Likangala, Domasi ndi Phalombe, kwinako madzi amangouma ndi dzuwa. N'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, basi imaphwa. Inaphwa mu 1968, mu 1995 muja, ndipo mu 2018 munaona nokha. Ifetu timaseka za thaulo, koma chaka chimenecho kunali njala. Asodzi anathawira ku nyanja zina, matemba anasowa pa msika wa Zomba, pakhomo pathu ndiwo zinali masamba ofutsa basi.

Achemwali a ku Matawale: N'zoona. Ndipo pamenepo mpamene pamandikhudza. Mayi anali ndi nkhuku ziwiri zokha, koma imodzi anaphera mlendoyo. Nthutumba anamuikira m'mbale mwake. Iye poona kuti ife tikudyera nkhwani wofutsa anafuna kutigawira, mayi anamukaniza, amvekere mlendo sagawa nkhuku yake, idyani.

Achimwene Aakulu: Mpaka lero amaikamba nkhuku imeneyo. Akuti anazindikira patapita zaka kuti anadya theka la chuma cha pakhomo. Paja pamaliro a bambo anabwera usiku kuchokera ku Mzuzu, ena mwa inu simunamuone chifukwa anabwerera m'mamawa. Ndiye chonde, ameneyu tisamulandire ngati mlendo wamba. Ndi m'bale wathu.

Mdzukulu wa kwa Agogo: Ndawawerengera agogo zonse. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti mwana wawo wa ku Atonga abwere, nyanja ilipo tsopano, adzasambe mpaka akhute. Akutinso mumuuze kuti kalongonda adzamuphikira.

Mzime ku Lilongwe: Kalongondayo ndiye ayambe dzulo lake. Paja amafuna tsiku lathunthu pamoto, kutaya madzi kangapo, apo ayi mlendo adzaledzera asanaione nyanja kachiwiri.

Mdzukulu wa kwa Agogo: Akuti musawaphunzitse kuphika kalongonda, anayamba inu musanabadwe kkkk

Achemwali a ku Matawale: Tsopano za ntchito. Banja lililonse K30,000, mutumize kwa ine pa Airtel Money kapena Mpamba pasanafike pa 8. Mpunga ndikagula wa ku Likangala konkuno, 25 kg ikwana. Nkhuku zachikuda zinayi, mafuta, shuga, sopo wa mayi. Chitenje cha mayi tisagule aliyense chake ngati kale, tigule nsalu imodzi yabwino ndi mpango wake.

Mlamu wa ku Ndirande: Chitenje ndi mpango zisiyireni ine, ndikasankha ku Limbe. Thobwa ndani?

Achemwali a ku Matawale: Thobwa ndi wa azakhali, chimera anayanika kale. Nsomba musagule m'tauni. Makumba ndi mlamba tikagula padoko m'mawa wa tsikulo.

Mzime ku Lilongwe: Ine K30,000 yo ndimaliza pa 10 achemwali, malipiro achedwa. Koma matiresi awiri ndibweretsa. Mlendo adzagona kuti?

Achimwene Aakulu: M'chipinda changa chakale. Mdzukulu, uwauze anyamata akonze chitseko chija ndipo apachike neti. Udzudzu wa ku Chilwa suona kuti uyu ndi mlendo. Za mayendedwe, ife tidzanyamuka ku Blantyre pa 14 masana, tidzakutengani achemwali pa Matawale. Malo atsala awiri.

Mphwawo wa ku Limbe: Amodzi ndi anga amalume. Ndipo bwato la ku Chisi ndilipira ine, ndikufuna ndidzaone a Thaulo akufika pachilumba chawo patatha zaka 30.

Achimwene Aakulu: Wachita bwino. Tidzapite m'mawa mphepo isanayambe, ndipo ana ang'onoang'ono atsale kumtunda. Zosambira m'nyanjamo ayi, kuli likodzo. Akaone zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pamadzi tija, akwere phiri la pa Chisi ngati miyendo ilola, tibwerere nsima isanapse.

Mphwawo wa ku Limbe: Koma funso langa, thaulo lija linathera kuti?

Achemwali a ku Matawale: Kkkkk funsa agogo ako.

Mdzukulu wa kwa Agogo: Akuti pochoka anawasiyira, amvekere amama sungani, ndidzasambira nyanja ikadzabwera. Ndiye inu achimwene mutabadwa mu 1996 analibe nsalu ina yofewa, anakufunditsani lomwelo pochokera kuchipatala. Akuti munalitha ndinu.

Mphwawo wa ku Limbe: Aaa! Ndiye kuti ine ndili ndi ngongole ndi munthu amene sindinamuonepo?

Mdzukulu wa kwa Agogo: Akuti eya, ndipo mubweze. Likhale lobiriwira, lalikulu, adzampatse okha ndi manja awo.

Mphwawo wa ku Limbe: Auzeni agogo ndamva. Ndikagula Loweruka. Amalume, inu musamuuze kanthu.

Achimwene Aakulu: Pakamwa panga ndatseka. Achemwali, yanga ndatumiza, taonani pa foni.

Achemwali a ku Matawale: Yafika achimwene. Otsala inu, pa 8.